Tsiku Limene Foni Yanga Inavina Pamaso pa Apongozi

Ndinakwatiwa ku Mwase Lundazi, m'mudzi wa amuna anga, ndipo kwa zaka zambiri mkamwana pakhomo paja ndinali ine ndekha. Kuno mkazi wa mwana wako timamutcha mkamwana, ndipo mkamwana woyamba amakhala ndi kaulemu kake kosalembedwa paliponse. Ndiye amadziwa kumene apongozi amabisa mbewu ya nyemba, ndiye amaitanidwa mwendo ukawatupa, ndiyenso alendo amayamba kumufunsa ngati akuluakulu adzuka bwino. Kaulemu kameneko ine ndinkakakonda, ndipo sindibisa.

Amuna anga ndi oyamba mwa ana aamuna atatu. Wachiwiri anapita ku Joni kukagwira ntchito yomanga, n'kukwatira komweko mtsikana wa ku Kapichila amene anakumana naye kutchalitchi. Wachitatu, mzime, anatsala pamudzi kulima fodya ndi mkulu wake. Foni yoyamba yoti munthu n'kumaonana naye nkhope poyankhula inali yanga. Ndinaigula chaka china mtedza utachita bwino, ndipo kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse linali langa.

Tikaweruka kutchalitchi, apongozi aakazi ankafika pakhonde panga asanavule n'komwe nsapato za kumapemphero. Ndinkawayalira mphasa, n'kuimbira mlamu wanga wa ku Joni. Masiku oyamba ankaika foni kukhutu, mwana wawo kuja n'kumangoona khutu ndi duku, choncho ndinazolowera kukhala pambali pawo n'kuwagwirira foniyo. Akaiwala nkhani ndinkawakumbutsa. Akafunsa funso mosamveka ndinkalikonza. Mlamu akayankha, ine ndinkamva limodzi nawo, ndipo Lolemba kumjigo amayi ankafunsa ine kuti ku Joni kukuzizira bwanji. Ndinkayankha ngati munthu amene anapitako.

Vuto linali limodzi. Kuonana nkhope kumadya bandulo moopsa, ndipo kangapo konse mlamu anauma pagalasi kukamwa kuli yasa, nkhani ili pakati. Apongozi ankangoti, "Wazimwa," n'kunyamuka. Sindinkada nkhawa chifukwa kunalibe kwina koti apite.

Kenaka mzime uja anakwatira. Anatenga mtsikana wa ku boma, wokulira kuseri kwa msika wa Lundazi, wa sukulu yake ndi foni yake. Ndinamulandira bwino, mboni ndi mudzi wonse. Ndine ndinamuonetsa kumene timatola nkhuni ndi mmene timasokera fodya. Ndinenso ndinamuphunzitsa mwambo wa apongozi aamuna, chifukwa tsiku lachiwiri lenilenilo anawapatsa kapu ya madzi m'manja ataimirira. Kwathu mkamwana sayang'ana apongozi aamuna kumaso, sawapatsa chinthu m'manja, ndipo sakhala pamene iwo akhala. Ukakumana nawo panjira umapatuka n'kugwada m'mbali mpaka adutse. Ambiri a masiku ano anazipeputsa zimenezi, koma ine ndinazigwira zolimba, ndipo anthu ankanditchula akamalangiza ana awo.

Mtsikanayo anamvera. Apa mpamene panandivuta. Akanakhala wamwano ndikanapeza pomugwira, koma anali woseka, wolimbikira kudimba, wosachedwa kupepesa. Ankanditcha asisi. Ndinkamuyang'ana akusenza thumba la chimanga n'kumadzifunsa kuti cholakwa chake chili pati.

Lamulungu lina bandulo yanga inatha mlamu atangonena kuti, "Amama, nili na nkhani." Nkhope yake inauma pomwepo. Ndinagwedeza foni, ndinaikweza m'mwamba, ndinathamanga nayo mpaka pachulu, koma ayi. Mkamwana mnzangayo anali pakhonde pake akusankha nyemba, nyumba zathu zikuyang'anana, ndipo anaona zonse.

"Amama, bwelani mukambile pa yanga," anatero.

Apongozi anapinda chitenje chawo n'kuwoloka bwalo. Nkhani ija inali yoti mkazi wa mlamu ali ndi pakati, patatha zaka zisanu akudikira. Ine ndinaimva madzulo kwa amuna anga, amene anaimva kwa mng'ono wawo, amene anaimva kwa mkazi wake. Ndinawerenga ndekha kuti pakhomo ponse ndinali wachisanu kumva.

Lamulungu lotsatira ndinagula bandulo yaikulu, ndinasesa khonde, ndinayala mphasa. Apongozi anafika, anaima pabwalo n'kuti, "Mwatandala uli, mkamwana?" Ndinayankha kuti ndatandala makola. Anagwedeza mutu mokondwa n'kupitirira kukhonde la mnzanga. Ndinakhala pamphasa paja ndekha, foni ili m'manja, n'kumachita ngati ndikuwerenga uthenga wofunika kwambiri.

Nsanje ndi matenda oipa chifukwa munthu sudziwa pokanda. Ndinayamba kuona zinthu zimene kale sindinkaziona. Ndiwo zake zinkanunkhira kuposa zanga. Akaseka ndi apongozi ndinkaganiza kuti akuseka ine. Kumjigo mayi wina atandifunsa za ku Joni ndinati zonse zili bwino, ndiye wina n'kuti, "Koma tamva ati mulamu wanu anasamuka nyumba." Ine sindinkadziwa. Ndinatsala pang'ono kugwetsa ndowa.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti foni ya mnzangayo sinkaduka. Apongozi ankakhala pakhonde paja mpaka mthunzi wa mango kufika pankhokwe. Ndinkadzifunsa kuti mabandulo otere akuwatenga kuti, pamene tonse tikudikira fodya yemweyo.

Yankho ndinaliona ndekha. Iwo anali asanagule sola, choncho foni yake ankadzaitchaja kwanga. Tsiku lina inayaka ili patebulo, ndipo pamwamba, pafupi ndi kachizindikiro ka batire, ndinaona kakiyi kakang'ono. Ndinayang'ana yanga, panalibe. Ndinafunsa amuna anga, iwo anati mwina ndi mmene anaipangira, n'kupitiriza kunola khasu. Masiku atatu kakiyi kaja kanali m'mutu mwanga. Kufunsa mwachindunji kunandikanika, chifukwa ine ndi amene ndinkaphunzitsa anthu za foni pamudzi paja. Ndiye ndinazungulira.

"Iwe, foni yako uikiya chifukwa chani? Ubisa chani?" ndinamufunsa ngati nthabwala atabwera kudzaitenga.

Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Asisi, si loko iyi. Ni VPN, ka apu ka mahala. Ukagula ka bandulo kochipa ka mameseji, aka kamasegula njila, wachita vonse. Masiku ena kamagwila olo ulibe bandulo, mpaka a netiweki akatseke. Nikuikileni manje manje?"

"Yayi, yanga ilibe vuto," ndinatero.

Akanabisa ndikanamva bwino. Koma iye anali wokonzeka kundipatsa chinthucho pomwepo, ngati munthu akugawa mchere, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku boma ndi matumba awiri a mtedza. Pamsika ndimakhala moyandikana ndi mayi wina wogulitsa zovala zovalidwapo kale za salaula, amene malonda ake ambiri amachitira pafoni, kujambula madiresi n'kumatumizira aphunzitsi ndi manesi. Ndinadikira makasitomala achepe, kenaka ndinamunong'oneza ngati ndikufunsa mankhwala a chikondi.

"Ka kiyi? Ndiye mwachedwa, amai, msika wonse uli nako," anatero mokweza, mpaka wogulitsa tomato anacheuka.

Anatenga foni yanga n'kulemba zilembo zitatu zija pamalo potengera maapu. Panatuluka mndandanda wautali, ena a chishango, ena a kiyi, ena a kalulu wothamanga, onse akudzitcha aulere. Ine ndinaloza wobiriwira, chifukwa ndi mtundu umene ndinauona pafoni ya mnzanga. Titayamba kudawuniloda, foni inakana kuti yadzaza. Mayiyo anati ndifufute zina. Ndinafufuta nyimbo za kwaya yathu zimene ndinajambula ndekha pamsonkhano wa amayi, ndi zithunzi zonse za munda wanga wa mtedza. Chala chinazengereza pang'ono, koma ndinakumbukira mphasa yanga yopanda munthu, n'kudina.

Kaapuko katalowa, foni inafunsa ngati ndikuvomera kuti kalumikize. Ndinavomera ndisanawerenge. Kenaka panabwera mbendera za mayiko, zambirimbiri, kuti ndisankhe kodzera. Mayi wa salaula anati ndisankhe iliyonse, zonse n'chimodzimodzi. Ine ndinafunafuna mpaka ndinapeza ya ku Joni. Ndinaganiza kuti ngati foni yanga ikudzera komweko, mawu a mlamu azifika msanga kuposa pafoni ya mnzanga, amene mwina anasankha dziko la azungu chifukwa cha matama.

"Manje mvelani," anatero mayiyo. "Ni ka mahala, koma kali na nthawi. Mukadina apa, kakuonetsani malonda. Mupenyelela mpaka asile, kakupatsani maawala. Maawala akasila, kiyi yachoka."

Ndinadina. Panabwera mnyamata wa mpira akundiuza kuti ndibetche. Ndinamupirira mpaka anamaliza. Kenaka batani lalikulu linasanduka lobiriwira, ndipo pamwamba, pambali pa batire, kakiyi kanga kanatulukira. M'minibasi pobwerera ndinagwira foni moti wokhala naye pafupi akaone.

Milungu yotsatira ndinakhala wantchito wa kaapu kaja. Nyemba zili pamoto, ine ndikuonera malonda. Ndikudikira mzere kuchigayo, ndikuonera malonda. Ndinkaunjika maola ngati nkhuni za m'dzinja. Ndinaona nsapato zimene sindidzavala, masewera a maswiti ogwa kuchokera kumwamba, tiyi wophwetsa mimba, ndi anyamata a mpira osawerengeka. Foni inkatentha, batire inkatha dzuwa lisanapendeke, ndipo kakiyi kankagwira bwino m'mawa koma masana kankangozungulira. Zonsezo sindinauze munthu. Ndinkasiya dala foni patebulo chagada kuti mnzanga akabwera kudzatchaja aone.

Anaona. "Ah, mwaika! Mwachita bwino, asisi," anatero, ndipo nkhope yake inali yokondwa zenizeni. Ndinafuna kumuponyera chikho.

Apongozi aakazi ndinawauza tikupalira mbatata kuti tsopano foni yanga nayo siduka. Anati, "Yewo, tapulika," kutanthauza kuti amva, ndipo Lamulungu anapitanso kukhonde lomwe lija. Ndinadziuza kuti nkhalamba zimachedwa kusintha njira.

Mwana anabadwa ku Joni nthawi yogulitsa fodya, wamwamuna. Mchombo utagwa, panafunika kuti agogo ake aamuna amupatse dzina, monga timachitira. Poti mwanayo anali kutali, anagwirizana kuti amuonetse pafoni Lamulungu masana, apongozi aamuna amuone nkhope n'kutchula dzina pamaso pa abale. Apongozi aamunawo ndi mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ngakhale kutenthe, ndipo foni yoonana nkhope anali asanaigwirepo. Ankati nkhani za ana amazimva kwa akazi awo.

Nditamva, ndinadziwa kuti mpata wanga ndi umenewu. Ngati dzina la mwana likatchulidwe pafoni ya mkamwana wamng'ono, ndiye kuti ine ndatha, ndingotsala wodziwa kumene kuli mbewu ya nyemba. Amuna anga ndi mng'ono wawo anali kukonzeka kuperekeza mabelo a fodya ku Chipata, ndipo Lamulungulo sakanakhalapo. Ndinawakhalira amuna anga pakhosi masiku awiri. Ndinati mwambo wotere umachitikira kunyumba ya mwana wamkulu, ndipo akalola kuti upite kwa mzime anthu adzawaseka iwowo, osati ine. Anatopa nane, anapita kwa bambo awo, ndipo anabwera ndi yankho loti zichitikira pabwalo pathu.

Loweruka madzulo mnzanga anandipeza kudimba ndikuthirira repu. Anaika kheni yake yothiririra pansi n'kuyamba kundithandiza osafunsa, kenaka anati, "Asisi, mailo mukazapatsa adada foni, muchoseko ka kiyi. Mugule chabe bandulo yeniyeni ya tsiku limodzi."

"Chifukwa?"

"Tuma apu utu nthawi zina tumaonetsa vinthu vosayenela. Foni ikaduka, ka malonda kamabwela keka. Ine Sande nimakazimya nikalibe kupatsa amama."

Ndinaimirira n'kumuyang'ana. M'mutu mwanga munabwera zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, ndinati akunama, chifukwa ine milungu yonseyi ndinali nditaona nsapato ndi mpira basi. Chachiwiri, ndinati akufuna kuti bandulo indithere pakati pa mwambo kuti anthu athamangirenso kwa iye. Mawu ake omaliza aja, oti Lamulungu iye amakazimitsa, anangondidutsa. Ndikanawamvetsa ndikanadzifunsa kuti nanga apongozi amatsata chiyani kukhonde kwake.

"Nakumvela, mng'ono wanga," ndinatero. "Foni ninayamba kugwila iwe ukali ku sukulu."

Anamaliza mzere wake n'kupita.

Lamulungu ndinadzuka ndi maola a kaapu kaja okwanira sabata yathunthu. Ndinasesa bwalo lonse, ndinatulutsa mipando itatu pansi pa mango ndi kampando kakang'ono pakati. Anabwera apongozi aamuna, mng'ono wawo, ndi mkulu mnzawo wa mpingo. Amayi tinayala mphasa chapatali, pafupi ndi khitchini. Panali apongozi aakazi, mlongo wa apongozi aamuna amene tonse timamutcha ankhazi, mnzanga uja, ndi amayi ena anayi a pamudzi.

Ndinayatsa kakiyi, ndinaimba, mlamu anayankha. Ndinayenda chogwada mpaka pakampando, maso pansi, ndinatsamiritsa foni pakapu kuti iyang'ane kwa apongozi, n'kubwerera chambuyo. Pamphasa ndinakhala chammbali, nkhope kukhitchini, monga mkamwana wolangizidwa amakhalira. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti ulemu ndi umenewo. Mtima wanga unadzaza.

Zinayamba bwino. Ndinamva mlamu akuti, "Monile adada," apongozi n'kuyankha mokweza ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. Ndinamva kamwana kakulira, akuluakulu aja n'kuseka. Apongozi anati amuyandikize kuti aone mphumi. Kenaka kunangoti zii.

Ndinadziwa kuti yaduka, koma sindinatekeseke, chifukwa mlamu akanaimbanso. Ndinamva mng'ono wa apongozi akuti, "Dinani apo, pa ka kiyi apo." Patapita kanthawi kunamveka nyimbo, ya zing'oma zamphamvu, ndi mawu a atsikana akuseka.

Apa ndi pamene ndimachita manyazi kwambiri ndikakumbuka. Ine ndinaganiza kuti foni yalumikizanso, ndipo ku Joni ayatsa wailesi kukondwerera mwana. Ndinamwetulira. Ndinatembenukira kwa mnzanga kuti aone kumwetulirako. Iye nkhope inali itagwa, maso ali kumango.

Kumipando kunalibe woyankhula. Apongozi anatsokomola. Mkulu wa mpingo uja anatsokomolanso. Nyimbo inatha n'kuyambiranso poyamba. Munthu wina aliyense akanacheuka n'kuona kuti zinthu zalakwika, koma ine ndinali nditakhala zaka zonsezi osayang'ana kumene apongozi akhala, ndipo khosi langa linakana. Iwonso sakanandiitana. Akanati chiyani kwa mkamwana wawo? Zimene zinali pagalasi paja si zoti mwamuna wamkulu angazitchule kwa mkazi wa mwana wake, ngakhale mozungulira. Choncho iwo anakhala chete chifukwa cha ulemu, inenso ndinakhala chete chifukwa cha ulemu, atsikana aja n'kumavinabe.

Ndinamva foni ikugogoda pakampando. Anali ataivundikira, koma nyimbo inkatulukabe pansi pake. Ankhazi, amene saopa munthu, ananyamuka n'kukaitembenuza. Anaiyang'ana, anaitalikitsa kumaso kuti aone bwino, n'kunena mawu amodzi okha, "Mwe."

Pamenepo ndinacheuka. Ngakhale ndinali patali ndinaona. Anali malonda a malo ochezerapo amuna ndi akazi pafoni. Atsikana atatu, atavala tinsalu tosakwana kumanga mutu wa mwana, ankagwedeza m'chiuno n'kumakodola ndi chala. Ankhazi anayesa kudina kuti azimitse, koma m'malo mwake panatseguka ena, oposa oyamba aja. Ndinafuna kunyamuka, koma kunyamuka kunali kupita pamaso pa apongozi kukatenga chinthu chimenecho m'manja mwanga, iwo akuona kuti ndachiona.

Amene ananyamuka ndi mnzanga. Anayenda mofulumira, anagwada pamapazi penipeni pa apongozi, pamalo pamene ine sindinafikepo chikwatiwire, n'kulandira foni kwa ankhazi. Anadina kawiri, nyimbo inaleka. Kenaka anayankhula nawo mwachindunji.

"Pepani adada. Si asisi ayi. Ni malonda chabe, yabwela yeka. Na yanga imachita so."

Anatulutsa foni yake m'chitenje, anaimba, ndipo anaigwira yekha ndi manja awiri, atagwada pomwepo, mutu atautembenuzira kumbali. Mlamu anayankha, kamwana kanaonekanso. Apongozi anakonza jekete, kenaka anatchula dzina. Linali dzina la bambo awo omwalira. Amayi analulutira, ankhazi anavina pang'ono, ndipo onse anayesetsa kuchita ngati palibe chimene chachitika. Dzina linatchulidwa pabwalo panga, pansi pa mango anga, pafoni ya mnzanga. Yanga inali pansi m'fumbi pambali pa bondo lake.

Anthu atabalalika anandibweretsera, ataipukuta. Ndikanayenera kuthokoza. Anandiikira kumbuyo pamaso pa akuluakulu, anadziphatikamo yekha m'manyazi anga pamene akanatha kungokhala. Koma ine chimene chinkandiwawa n'chakuti anaphwanya mwambo umene ndinamuphunzitsa, ndipo palibe anamudzudzula. Ankhazi pochoka anachita kumugwira paphewa. Ndinalandira foni n'kuti, "Yewo," ndi mawu ouma, n'kulowa m'nyumba. Kaapu kaja ndinakafufuta nthawi yomweyo, ndi maola ake onse.

Apongozi aamuna sananenepo kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Amuna anga atabwera ku Chipata anamva kwa ankhazi, anaseka mpaka misozi, ataona nkhope yanga anasiya. Kumjigo nkhani inafika ine ndisanafike. Zonsezo ndinapirira, chifukwa ndinali ndikuganizabe kuti chinalakwika ndi kaapu, ndipo kaapuko ndachotsa.

Lachinayi ndinapita kwa apongozi aakazi ndi lichero la mtedza kuti tikaswere limodzi. Tinakhala pansi n'kuyamba kuswa. Kenaka ndinapepesa za Lamulungu, ndinawauza kuti chinthu chija ndachichotsa, ndipo kuyambira tsopano ndizigula bandulo yeniyeni yaikulu, yosaduka. Ndinati khonde langa lilipo monga kale.

Anapitiriza kuswa. "Va Sande vinapita, mwana wanga. Adada ako aziwa kuti sunachite dala."

"Ndiye muzabwela?"

Anataya makoko pansi n'kupukuta manja pachitenje. Anandiyang'ana mokoma, ndipo kukomako ndi kumene kunandiopsa.

"Ine va makiyi na mabandulo siniviziwa. Kuja nayenda chifukwa uja akanipatsa foni, atenga kheni ayenda ku dimba."

Sindinamvetse msanga. Ndinati inenso ndimawagwirira bwino foni kuti dzanja lisawatope.

"Unigwilila bwino, sinikana. Koma mulamu wako kuja avutika. Nchito inasila kawili. Anagonapo panja. Mkazi wake anapita padela katatu uyu mwana akalibe kubwela. Mwamuna sangalile pamenso pa mkazi wa mkulu wake. Akaona iwe pambali panga, akamba va mphepo na mitengo ya vinthu."

Mtedza umene unali m'manja mwanga ndinaufinya mpaka unaphwanyika. Ndinafuna kunena kuti akanandiuza, koma ndinadziwa kuti sakanatha, monga mmene amuna awo sakanatha kundiitana pansi pa mango paja. Ndinati nanenso ndikhoza kumachoka, ndizipita kudimba, ngakhale kumunda kwenikweniko.

"Tizaona," anatero, n'kutenganso mtedza wina.

Lamulungu ndinagula bandulo yaikulu ija, ndinayala mphasa, ndipo kheni ndinaiika poonekera pafupi ndi khonde kuti aone kuti ndakonzeka kuchoka. Apongozi anafika pabwalo, anaima, anandifunsa mmene ndatandalira. Anayang'ana mphasa, anayang'ana kheni. Kenaka anawoloka bwalo.

Ndinaona mnzanga akuwapatsa foni, akuitsamiritsa pamtondo, n'kutsika kudimba osacheuka. Apongozi anawerama pafupi ndi galasi. Anayankhula nthawi yaitali, motsitsa mawu, ndipo kawiri konse anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Kuchokera pakhonde panga sindinamve liwu ngakhale limodzi. Zaka zinayi ndinkayenda pamudzi ngati mwini wa nkhani za ku Joni, pamene mayi ndi mwana wake ankangodikira kuti ndinyamuke.